Mabeseni Atatu a Zakia

Ku Lungwena anthu amamudziwa Zakia Sumani ndi dzina lakuti Wamafomu. Dzinali anamupatsa ndi a kabaza, amene kwa zaka zitatu akhala akumunyamula kupita pansi pa mlambe wa kumsika, pomwe netiweki imagwirako bwino, kuti akatumize fomu ina yopempha mpamba. Akamuona akutuluka ndi chikwama cha laputopu safunsanso komwe akulowera. Amangopukuta mpando wa njinga n'kunena kuti, "Lero tikupempha kwa ndani, Wamafomu?" Iye amaseka nawo, poti ukapsa mtima ndi wa kabaza uyenda wapansi.

Zakia ndi mwana wachiwiri mwa ana anayi a Abiti Nasir. Bambo ake anakwera basi ya ku Joni iye ali sitandade faifi. Chaka choyamba ankatumiza mabulangete, chachiwiri mawu okha, chachitatu ngakhale mawuwo anauma. Anawo anakula ndi usipa. Mayi awo ankaugula kugombe, kuufutsa, kuuyanika pa thandala, n'kuusenza pamutu mpaka kumsika, ndipo msana wawo unapindika iwo asanakalambe.

Koma Abiti Nasir ali ndi ntchito ina imene mudzi wonse umawadziwa nayo, ntchito yothowa. Mayi akabereka, kapena msana ukamugwira, amawaitana. Amawiritsa masamba a nimu, a mandimu ndi a bulugamu, kuviika chitenje m'madzi akadali kutuluka nthunzi, kuchifinya ndi manja awo osachita tsinya, n'kuyamba kudinda thupi pang'onopang'ono kuchokera paphewa mpaka kuphazi. Akatero amapaka mafuta a nsatsi osinja okha. Munthu amalowa akuyenda ngati nkhanu, n'kutuluka ataongoka. Mtengo satchula. Wina amawapatsa sopo, wina nkhuku, ndipo ambiri amawapatsa "Mulungu akudalitseni," yemwe ndi wabwino koma sagula mchere.

Ilipo ntchito yachitatu, ndipo iyi Zakia sanailembepo pa fomu iliyonse. Mkazi akamwalira m'mudzimo, Abiti Nasir ndi amene amamusambitsa ndi kumukulunga mu sanda, nsalu yoyera yoikira maliro. Ntchitoyi anawaphunzitsa ndi Abiti Jaffalie, mayi wachikulire wa kuseri kwa mzikiti, ndipo awiriwa ankaigwira limodzi kwa zaka makumi awiri.

Zakia anali ndi mutu wa sukulu. Anakhoza, napeza malo pa koleji ina ku Blantyre kukaphunzira za alendo okaona malo. Chaka chachiwiri anamutumiza kukaphunzira ntchito pa loji ina tsidya lina la nyanja, cha ku Nkhudzi, ndipo kumeneko ndi kumene matenda ake a mafomu anayambira. Anaona alendo akulipira ndalama zoposa zimene mayi ake amapeza pa usipa wa mwezi wonse, kuti mtsikana wophunzitsidwa masabata awiri awasisite ndi thaulo lofunda. Anaima pakhomo la chipindacho mtima ukumuwawa. Anaganiza za manja a mayi ake, ndi nkhuku ija, ndi "Mulungu akudalitseni." Pobwerera ku koleji anali atalemba kale m'kope mwake za nyumba yopumulirako amayi ku Lungwena, kumene azimayi otopa a m'maofesi a ku Blantyre ndi ku Lilongwe azikagona masiku atatu, kuthowedwa, kudya chambo ndi kuzimitsa mafoni. Mayi ake akanasiya kusenza usipa. Zonse zinali m'malo mwake kupatula mpamba.

Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, ndipo Zakia anatsekula zitseko zambiri. Ku banki anamufunsa chikole, iye n'kukumbukira kuti chuma chonse cha kwawo ndi thandala la bango. Bungwe lina linati ganizo lake ndi la zaumoyo, ilo limathandiza za alendo. Lina linati ndi la alendo, ilo limathandiza zaumoyo. Kumipikisano ya achinyamata a bizinesi anapitako kasanu ndi kawiri. Ankaima kutsogolo kwa anthu ovala masuti, kufotokoza moyo wa mayi ake m'mphindi zitatu, m'Chingerezi, belu n'kumudula pakati pa chiganizo. Ankamuombera m'manja kwambiri. Kwawo anabwera ndi masatifiketi asanu ndi awiri ndi malaya asanu olembedwa mawu olimbikitsa, ndipo malayawo azing'ono ake amavala poyanika usipa. Makalata okana onse ankayamba ndi pepani, koma pepani sapoletsa chilonda. Pofika chaka chomaliza Zakia anali atatopa, kutopa kwenikweni kwa m'mafupa, moti akamva mawu akuti "mwayi" ankayamba kuyasamula.

Ndiye kunabwera bungwe lina la ku Lilongwe lopereka mpamba kwa ophunzira okhaokha. Zakia anali atatsala ndi miyezi iwiri kuti amalize sukulu, kotero uwu unali mwayi wotsiriza umene dzina lakuti wophunzira likanamugulira. Anatumiza masamba makumi anayi, ndipo mwa anthu mazana atatu anatsala asanu, iye ali momwemo. Abungwewo anati sapereka ndalama pa pepala lokha. Abwera okha Lachinayi, teni koloko m'mawa, kudzaona Abiti Nasir akugwira ntchito.

Mwezi umenewo Zakia anadya buledi ndi tiyi wopanda mkaka kuti agule mathaulo oyera ndi mabeseni atatu atsopano, oyeranso, a mkombero wabuluu. Malume ake anamumangira chisakasa cha bango pafupi ndi madzi. Lachitatu anasesa, kuyala mphasa, kusanja mabeseniwo pa benchi, n'kuwayang'ana nthawi yaitali ngati munthu woyang'ana ana ake atavala yunifolomu.

Lachinayi m'mawa, swala, pemphero la m'bandakucha, itangotha, kunamveka kulira kuseri kwa mzikiti. Abiti Jaffalie anali atamwalira. Zakia atadzuka anapeza mayi ake atapita kale, ndipo atathamangira ku chisakasa anapeza mathaulo ali pomwe anawasiya, koma benchi ili mbee. Mabeseni onse atatu kunalibe.

Anafunda mpango wake n'kupita kusiwa. Azimayi anali atadzaza khonde. Anadutsa pakati pawo akuwerama, nafika pakhomo la chipinda chamkati, n'kuitana motsitsa mawu. Mayi ake anatuluka atapinda manja a diresi mpaka m'zigongono.

"Amao, mabeseni aja mwatenga ndinu?"

"Ndatenga ndine. A nyumba ino ndi obooka onse. Ukufuna ndiwasambitsire m'chidebe cha usipa?"

"Koma alendo afika teni koloko. Ndinakuuzani, amao. Ndakhala ndikukuuzani mwezi wonse."

"Alendo ali ndi moyo, adikira. Awa sadikira, akuikidwa masana." Abiti Nasir anamuyang'ana mwana wawo kanthawi, kenako anati, "Lowa undithirire madzi. Awa akuopa."

Awa linali dzina la mayi woyandikana nawo nyumba, wamtima wabwino koma wamantha ndi maliro. Zakia anamuona ataima m'chipindamo atagwira ketulo ngati wagwira njoka. Anayang'ana foni yake. Nthawi inali itadutsa eyiti.

"Sindingathe, amao. Lero lokha sindingathe."

Mayi ake sanatsutse. Anangogwedeza mutu n'kutseka chitseko, ndipo Zakia anabwerera ku chisakasa maso a azimayi a pakhonde ali pamsana pake. Ku Lungwena munthu sayala mathaulo oyera m'mudzi muli maliro, ndipo iye ankadziwa zimenezo bwino lomwe.

Galimoto inafika hafu pasiti teni itafiira ndi fumbi. Munatuluka Mayi Jestina, woyang'anira mpambawo, mayi wonenepa bwino wa magalasi, akugwira m'chiuno chifukwa cha mabampu a msewu. Woyendetsa, Bambo Raymond, anali ndi kamera, koma Zakia anawafotokozera kuti chisakasacho ndi cha akazi okha, ndipo iwo anakakhala pansi pa mtengo mosangalala ngati munthu wopatsidwa tchuthi.

"Nanga amayi ali kuti?" anafunsa Mayi Jestina. "Ine ndabwera ndi msana wanga womwe, aone okha chochita nawo."

"Aperekeza wodwala kuchipatala," anatero Zakia. Bodzalo linatuluka lokha, losalala, ngati kuti nalonso analiyeserera pagalasi. "Koma ndikuonetsani ndine. Ndakulira momwemu."

Kukulira momwemo anakuliradi, koma nsomba kukulira m'madzi sindiye kuti imadziwa kupalasa bwato. Zakia anali atalemba masamba makumi anayi za kuthowa, koma chitenje chotentha anali asanachifinyepo. Anawiritsa masamba mu poto wophikira, nathira madziwo mu ndowa yotungira. Atapisa manja kuti afinye, moto unamulasa mpaka m'mutu, ndipo anachiponya chitenjecho. Anayesanso, zala zikufiira. Pamapeto pake anadikira kuti madzi azizire, n'kuyamba kudinda msana wa mlendo ndi nsalu yofunda pang'ono, yodontha, osadziwa poyambira ndi pothera. Madzi ankayenderera m'khosi mwa Mayi Jestina mpaka pamphasa.

"Ndi momwemu?" anafunsa mayiwo mwaulemu, nkhope ili pansi.

"Amayi amachita bwino kuposa apa," anayankha Zakia, ndipo m'mawa wonsewo mawu oona anali amenewo.

Apo ndi pamene Awa analowa, mabeseni awiri ali pamutu, osagogoda, poti chisakasa cha bango chilibe pogogoda. Anawatula pa benchi n'kuyankhula ndi mawu ake onse, momwe amayankhulira kugombe.

"Amayi ako akuti mabeseni awiriwa atha nawo, atsuka ndi sopo. Lachitatu abwera nalo okha, muli nsalu zimene anawafunditsa powasambitsa. Mtembo wavekedwa kale, abambo akubwera ndi jeneza kudzaunyamula." Kenako anaona mlendo pamphasa, nagwada pang'ono. "Pepani amayi, sindinakuoneni. Mwafika bwino?"

Mayi Jestina anadzuka pang'onopang'ono atadzikulunga thaulo. Anayang'ana mabeseni, anayang'ana Zakia, n'kuvala magalasi awo. Awa atatuluka, m'chisakasamo munangomveka madzi akudontha kuchokera pa chitenje.

"Amayi anu amasambitsa maliro?"

"Eya."

"Ndi manja omwewo, ndi mabeseni omwewa?"

"Mabeseniwa ndi lero lokha. Koma manja ndi omwewo."

Mayi Jestina sanali munthu woipa, ndipo zikanakhala zopepuka akanakhala woipa. Anali mayi wotopa amene anayenda ulendo wautali ndi msana wowawa. Anavala bulauzi yawo, nakhala pa benchi kutali pang'ono ndi mabeseni aja, n'kuyankhula mofatsa.

"Bodza lija ndiliiwala, Zakia. Inenso ndikanachita mantha. Kwathu ku Dedza aliko amayi a ntchito imeneyi ndipo timawalemekeza. Koma ine ndikudziwa anthu amene mukufuna azibwera kuno, chifukwa ndi anzanga a ku ofesi. Mmodzi akangomva, tsiku lomwelo zili pa mafoni onse, ndipo palibe adzagone pamphasa iyi. Ganizo lanu ndi labwino kuposa ena anayiwo, ndipo ndikhoza kulimenyera nkhondo ku komiti Lolemba. Koma ndipite ndi pepala losainidwa lakuti amayi asiya za maliro. Mundiyankhe pofika Loweruka."

Pochoka, galimoto yawo inakumana ndi jeneza pa mphambano ya kumzikiti. Bambo Raymond anaimika pambali n'kuzimitsa wailesi, abambo a mudzi wonse akudutsa, akulandirana mtembo paphewa. Zakia anaonera patali, manja ake akutentha ngati wagwira tsabola.

Abiti Nasir anabwera dzuwa litapendeka, beseni lachitatu lili m'khwapa. Anakhala pamphasa ya alendo ija, natambasula miyendo, n'kupempha madzi akumwa. Zakia anawafotokozera zonse, za bodza, za Awa, za pepala losaina. Ankayembekezera kukalipiridwa, ndipo mwina ankakufuna kukalipiridwako, chifukwa munthu akakukalipira umapeza poyankhira. Koma mayi ake anamwa madzi awo mpaka kutha.

"Ndalamazo ndi zokwanira nyumba ija umanena?"

"Ndi zokwanira. Ndi mabedi omwe, ndi thanki ya madzi. Usipa mukhoza kuusiya chaka chino."

"Ndiye bweretsa pepalalo ndidinde chala. Wavutika nazo kokwanira, mwanangu. Ndimakuona ukamabwera kuchokera kumlambe kuja."

Zakia anali atakonzekera kukangana, osati kupatsidwa.

"Kungoti uwauze a Shehe ayambe kufunafuna wina," anapitiriza mayiwo, akusisita bondo lawo. "Tinali awiri, lero ndatsala ndekha. M'mawa muja ndinawatembenuza ndi Awa atatsinzina. Madzi anawathira m'maso, ine n'kumapepesa kwa munthu amene anandiphunzitsa kuti madzi sathira m'maso. Atsikana a masiku ano safuna ntchito iyi, ndipo sindiwada. Likadzafika tsiku langa, udzachite kubwereka munthu ku Namwera. Udzamutumizire ya basi msanga, asadzandigoneke mpaka mawa."

Sananene modandaula. Ananena ngati munthu wokumbutsa mwana kuti akatseke nkhuku. Kenako anaona zala za Zakia zotupa, natambasula dzanja kutenga botolo la mafuta a nsatsi, n'kuyamba kumupaka chala chimodzichimodzi. Zakia anazindikira kuti m'zaka zitatu zonse zimene wakhala akugulitsa manja amenewa kwa anthu a masuti, aka kanali koyamba kuti amugwire iye. Analira, ndipo mayi ake anamusiya alire, osasiya kupaka.

Lachisanu lonse pepala lija linakhala mu laputopu losasindikizidwa. Zakia anayesa kudziuza kuti mayi ake avomera okha, kuti msana wawo ukufunika kupuma, kuti mudzi udzapeza wina. Zonsezo zinali zoona, koma sizinamuthandize kudya. Loweruka m'mawa anakwera kabaza kupita kumlambe.

"Lero tikupempha kwa ndani, Wamafomu?"

"Lero sitikupempha," anatero Zakia.

Uthenga wake kwa Mayi Jestina unali waufupi kuposa chilichonse chimene analembapo. Anathokoza chifukwa cha ulendo wawo, napepesa za bodza, n'kunena kuti amayi ake sasaina. Mayi Jestina anayankha tsiku lomwelo kuti amvetsa, ndipo kuti zawawawa. Mpamba unapita kwa wophunzira wina wofuna kugula mabwato oseweretsa alendo. Patapita masabata ochepa Zakia analemba mayeso ake omaliza, dzina lakuti wophunzira n'kumuchoka.

Lero amagwira ntchito yolandira alendo pa loji ina ya tsidya lija, ndipo amabwera kwawo pakatha masabata awiri. Abiti Nasir akusenzabe usipa, msana ukupindikirabe. Chisakasa chija mbuzi zinadya mbali imodzi. Mafomu sanawasiye, poti chizolowezi ndi matenda, koma tsopano ntchito yachitatu ya mayi ake amailemba patsamba loyamba, kuti wokana akanire pomwepo asanawononge mafuta a galimoto. Mpaka pano onse akukanira pomwepo.

Mwezi wathawu, Zakia ali kwawo, Awa anafika m'mawa kudzanena kuti mkazi wina wa kugombe wamwalira. Abiti Nasir anadzuka movutikira, atagwira m'chiuno, natenga mabeseni awiri a mkombero wabuluu aja. Atatembenuka kuti atenge lachitatu anapeza lili kale m'manja mwa mwana wawo. Anayenda awiriwo kudutsa pa mathandala a usipa, mayi patsogolo, mwana pambuyo, mpaka pakhomo la chipinda chamkati. Pamenepo Zakia anaima.

"Amao, ine sindidziwa poyambira."

"Timayambira kumanja," anatero Abiti Nasir, akupinda manja a diresi. "Wamoyo ndi wakufa yemwe. Yesa madziwo ndi chigongono, asatenthe kwambiri."

"Akumva ngati?"

"Ife timachita ngati akumva. Lowa, utseke chitseko."